Momwe mungawerengere buku la sukulu kuti zimene mwawerenga zikhazikike m'mutu

Ambirife timatsegula buku, maso n'kumayenda mzere ndi mzere mpaka kumapeto kwa mutu, kenako n'kuyambiranso. Pofika ulendo wachitatu mawu onse amaoneka odziwika, mtima n'kukhala m'malo. Tsiku la mayeso pepala likafika, m'mutu muli mbee. Zimandimvetsa chisoni kuona wophunzira wakhama akudziyesa mbuli, pomwe cholakwika ndi kawerengedwe basi. Maso amazolowera tsamba msanga, nkhaniyo isanalowe.

Choyamba, muuzonde mutu wonse musanauwerenge. Mphindi zisanu zikwana. Onani timitu ting'onoting'ono, zithunzi, mawu olembedwa mochindikala ndi chidule chakumapeto. Mafunso amene ali kumapeto kwa mutu muwawerenge panthawi imeneyi, chifukwa ndi amene amaulula zimene wolemba bukulo akuziona kuti n'zofunika. Francis P. Robinson wa ku Ohio State University anaphunzitsa zimenezi m'zaka za m'ma 1940 m'njira yake yotchedwa SQ3R: kuzonda, kufunsa, kuwerenga, kunena pamtima, ndi kubwereza.

Kenako sandutsani kamutu kalikonse kukhala funso. Tiyerekeze kuti kamutu kakuti "Kayendedwe ka magazi". Lembani m'kope kuti: magazi akachoka mumtima amapita kuti, nanga amabwerera bwanji? Tsopano mukuwerenga ngati munthu amene akusaka kanthu. Mukafika pamene akunena kuti mtima uli ndi zipinda zinayi, kuti mbali ya kumanja imapopera magazi kumapapo pomwe ya kumanzere imapopera m'thupi lonse, mudziwa kuti yankho lija ndi limeneli.

Apa ndiye pagona nkhani yonse: mukawerenga kagawo kamodzi, tsekani buku. Litsekeni ndithu, osasiyamo chala. Nenani mokweza kapena lembani papepala zimene mwagwira, m'mawu anuanu. Jambulani mtima uja, muikemo mivi yosonyeza kumene magazi akulowera ndi kumene akutulukira. Mupeza kuti muvi wina simukudziwa kouloza. Zimawawa, ndipo dzanja limayabwa kufuna kusuzumira. Pirirani kaye, yesetsani kukumbukira kwa mphindi imodzi, ndiyeno tsegulani muone pamene munaphonya. Konzani ndi cholembera cha mtundu wina kuti mawa malowo adzaonekere patali.

Mu 2006, akatswiri ofufuza za kukumbukira, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anapatsa ophunzira nkhani zoti awerenge. Ena anaziwerenganso, ena anapemphedwa kulemba zimene akukumbukira osaona pepala. Atayesedwa patangopita mphindi zisanu, obwereza kuwerenga aja ndiwo anachita bwino. Patatha sabata imodzi zinthu zinatembenuka: amene anadzivutitsa kukumbukira anaposa anzawo. N'chifukwa chake kubwereza kuwerenga kumapusitsa anthu ambiri. Phindu lake limaoneka lero lomwe, pomwe mayeso amabwera patapita masabata.

Nanga kudula mizere kunsi kwa mawu ndi kupaka mitundu? Mu 2013, katswiri wina, John Dunlosky, ndi anzake anaunika njira 10 zophunzirira. Kupaka mitundu ndi kubwereza kuwerenga anaziika m'gulu la njira zothandiza pang'ono, ndipo kudziyesa ndi kugawa kuwerenga m'masiku angapo anaziika pamwamba. Ine sindiletsa pensulo. Koma dulani mzere mutamaliza ndime, pa mawu awiri kapena atatu okha. Tsamba lonse likakhala lachikasu, simunasankhepo kanthu.

Manotsi nawo alembedwe moti azikufunsani mafunso. Walter Pauk wa ku Cornell University anakonza njira yosavuta: gawani tsamba ndi mzere wotsika, kumanja kukhale kotakata kolembako mfundo, kumanzere kopapatiza kolembako mafunso, ndipo pansi musiye malo a chidule cha mizere iwiri kapena itatu. Pobwereza, phimbani kumanja ndi pepala, muyankhe mafunso akumanzere. Kukopera buku liwu ndi liwu kumangotopetsa dzanja.

Tsopano za nthawi. Hermann Ebbinghaus, katswiri wa ku Germany, anasonyeza mu 1885 kuti kuiwala kumathamanga kwambiri munthu akangomaliza kuphunzira, kenako kumayamba kuchedwa. Choncho bwererani ku mafunso anu mawa, kenako pakapita masiku atatu, kenako sabata, kenako mwezi. Ulendo uliwonse ndi wa mphindi 10 kapena 15. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Maola anayi owagawa m'masiku anayi amasiya zambiri m'mutu kuposa maola anayi a usiku umodzi wochezera, komanso tulo timathandiza ubongo kusunga zimene waphunzira. Foni ikhale kuchipinda china, osati chafufumimba patebulo pomwepo.

Buku la masamu kapena fizikisi limafuna pensulo m'manja kuyambira pachiyambi. Werengani chitsanzo chimene asova kale, pa mzere uliwonse mudzifunse kuti achokera pati kuti afike apa. Chiphimbeni, musove nokha. Mukazolowera, sakanizani mafunso a mitu yosiyana, chifukwa pamayeso palibe amene adzakuuzeni kuti funso ili likufuna njira iti.

Pakhala ndime ina imene ikana kulowa ngakhale mwaiwerenga kawiri. Musaikakamire mpaka usiku. Lembani nambala ya tsamba ndi chiganizo chenichenicho chimene chakusokonezani, mupite nacho kwa aphunzitsi kapena kwa mnzanu. Mukafika ndi mawu akuti "sindikumva mutu wonse", nawonso amasowa poyambira. Mukati "Aphunzitsi, pa tsamba 84 akuti mtsempha uwu umachoka mumtima koma magazi ake ali ndi okosijeni wochepa, zikutheka bwanji?", akuyankhani nthawi yomweyo. Mukabwerako, tsekani kope, mulembe yankholo nokha.