Wothawa kwawo akafika pakhomo panu: koyambira ndi kumene ndalama za khonsolo zimalowera

Anafika Lachinayi, tsiku la chigwirizano, tikusesa m'tchalitchi. Mayi wamtali, mwana kumsana, wina wamkulupo atagwira nsonga ya chitenje, katundu yense m'thumba limodzi la ukwa. Chinyanja sankachidziwa, Chizungu ayinso. Mwayi wake, pakati pathu pali amayi ena amene amapikula katundu ku Nakonde ndipo Chiswahili amachiyankhulako. Ndiwo anatiuza kuti mlendoyo wachokera kum'mawa kwa Congo, mwamuna wake sakudziwa kumene ali, ndipo lole imene anakwera inawatsitsa muno mu Chipata usiku, dalaivala n'kuwauza kuti afika.

Ine ndine mlembi wa chigwirizano, komanso ndimaimira zoni yathu mu komiti ya chitukuko ya wodi, imene tonse timangoti WDC. Ndiye ndinadzimva kuti njira ndikuidziwa. Ndinati CDF, thumba la ndalama za chitukuko limene boma limapereka ku konsitichuwense iliyonse, ilipo, ndilemba kalata ku khonsolo atipatse ndalama za chakudya ndi lendi ya mayiyu. Ndinataya masiku atatu ndi kalata imeneyo. Ndikulemba izi kuti inu musataye anu.

Choyamba si ndalama, ndi pepala. Munthu wothawa kwawo ali pansi pa lamulo la Refugees Act la 2017, ndipo mwini nkhani ndi ofesi ya Commissioner for Refugees ya ku unduna wa Home Affairs, osati khonsolo, osati a kansala, osati a MP. Lamuloli limapatsa munthu masiku 7 kuchokera pamene walowa m'dziko kuti akadzionetse n'kupempha chitetezo. Kuno kwathu khomo lake ndi ofesi ya Immigration kapena polisi. Mukapita, musapite ngati mwagwira wakuba. Tengani womasulira, tengani abusa kapena mkulu wa mpingo, ndipo mawu oyamba kutuluka pakamwa akhale akuti munthuyu akupempha kukhala wothawa kwawo chifukwa moyo wake uli pa ngozi. Mawu amenewa ndi amene amamusiyanitsa ndi munthu amene wangolowa mozemba kudzafuna ganyu kapena akudutsa kupita ku Joni. Zambia inasaina pangano la United Nations la 1951 ndi la mayiko a mu Africa la 1969, ndipo mapangano onsewa amaletsa kubweza munthu kumene akukaphedwa.

Pali anzathu amene amati, "Musiyeni akhale phee m'nyumba, ndani adziwe?" Iyayi. Kusunga mlendo wopanda mapepala mwachinsinsi ndi mlandu pa inu eni nyumba, ndipo kwa iyeyo tsiku lililonse lobisala likumuonongera nkhani yake. Komanso musamukweze basi ya ku Lusaka mukuganiza kuti akadzionera yekha ku UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo. Ulendowo ndi wa makilomita opitirira 500, ndipo pa mlatho wa Luangwa amafunsa ziphaso. Wina akabwera n'kunena kuti iye amadziwa njira yowolotsera anthu, mungomupatsa kangachepe, mutsekereni chitseko. Mukukumbukira mitembo 27 imene inapezeka itatayidwa ku Ngwerere pafupi ndi Lusaka mu December 2022, anthu oganiziridwa kuti anali a ku Ethiopia? Njira zachidule zimathera kumeneko.

Mumuuzenso zoona mlendo wanu, kuti asadzaone ngati mwamugulitsa. Akalembedwa, nthawi zambiri sakhala mu Chipata. Dziko lathu limasunga othawa kwawo ku Meheba ku North-Western, ku Mayukwayukwa kufupi ndi Kaoma, ndi ku Mantapala ku Nchelenge, ndipo wofuna kukhala m'tauni amafunika chilolezo chapadera. Mayi wathu atamva zimenezi analira, chifukwa anali atayamba kuzolowera nsima ya kwathu ndi chiwawa chotendera. Ndinamumvetsa. Koma kumeneko n'kumene kuli thandizo limene boma ndi UNHCR anakonzera iwowo: malo, sukulu, kiliniki, anthu olankhula chilankhulo chake.

Tsopano za ndalama, pamene ndinapunthwa.

Ku khonsolo kulibe thumba lolembedwa kuti la othawa kwawo. Bambo wina wa mu ofesi imene ndinapereka kalata yanga anaiwerenga mpaka pansi, n'kuvula magalasi.

"Amayi, mtima wanu ndi wabwino, koma ndalama iyi ndiitulutsa pa mzere uti?"

"Pa CDF, bambo. Si paja inakwera?"

"Inakweradi. Koma mlendo wanuyo reji ali nayo?"

Ndinangoti kukamwa yasa. CDF inakweradi, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse mu 2022, ndipo yakhala ikukwerabe chaka ndi chaka. Koma ili ndi makomo ake. Khomo lina ndi la mabasare, a ana a sekondale yogonera komweko ndi a maphunziro a ntchito zamanja. Lina ndi la magulu a amayi ndi achinyamata, ndalama zongopatsidwa ndi zangongole. Makomo awiriwa amafuna reji yobiriwira, chiphaso cha mzika ya Zambia. Mlendo wanu salowapo, ndipo musayese n'komwe kumulembetsa pa reji ya mlamu wanu, mudzamangitsa anthu atatu pa nkhani imodzi. Khomo lachitatu, limene limatenga gawo lalikulu, ndi la ntchito za chitukuko za anthu onse: mjigo, chipinda cha sukulu, madesiki, chimbudzi cha pamsika, chidikiro cha amayi apakati pa kiliniki. Apa ndi pamene pali mpata. Mjigo sufunsa reji.

Choncho pempho lolemba pa fomu ya CDF lisakhale lakuti tithandizeni kusunga wothawa kwawo. Likhale lakuti malo akutiakuti, amene amalandira anthu onse, eni mudzi ndi alendo omwe, akusowa chakuti. Ndipo chikhale choona. Kwa ife chinali choona ndithu: mayi uja mwana wake wakumsana atatsegula m'mimba tinamutengera ku kiliniki yathu, anamulandira bwinobwino, koma madzi osungunulira mankhwala tinachita kukatunga kutali ndi chigubu. Vuto limenelo amayi a m'dera lathu akhala nalo zaka. Mlendo anangotitsegula maso.

Kayendedwe kake ndi aka. Khonsolo imalengeza nthawi yolandira mafomu, ndiye tcherani khutu ku Breeze FM ndi Radio Maria, kapena muzidutsa pa bolodi ya ku Civic Centre, chifukwa nthawiyo ikatseka mudikira chaka china. Musanatenge fomu, itanitsani msonkhano wa zoni. Osati wa mpingo wanu wokha. Itanani a mipingo ina, Asilamu, a komiti ya zaumoyo, aphunzitsi, ndipo ngati muli kumudzi a nyakwawa akhale pampando. Anthu agwirizane okha kuti chofunika kwambiri n'chiyani. Mlembi alembe maminitsi, tsiku, malo, zimene zanenedwa, ndipo aliyense wobwera alembe dzina, nambala ya reji, asaine kapena adinde chala. Pepala la mayinali ndi limene linatigwetsa chaka choyamba. Msonkhano tinachita, anthu anadzaza pansi pa mtengo wa mango, koma ine mlembi wamkulu ndinaiwala kuyendetsa pepala. Fomu yopanda mayina imaoneka ngati maganizo a munthu mmodzi, ndipo inabwerera. Palibe amene ndingamuloze chala.

Chachiwiri chimene anthu amaiwala ndi malo. Mjigowo kapena chidikirocho chidzakhala pa nthaka ya yani? Ngati ndi ya mfumu, pakhale kalata ya mfumu. Ngati ndi pa kiliniki kapena pa sukulu, oyang'anira pamenepo alembe kuti akuvomera. Musapemphe kuti amange mkati mwa mpanda wa tchalitchi chanu kapena pa pulote ya munthu, chifukwa ndalama ya boma imafuna malo a anthu onse.

Mukatero fomu imapita ku WDC, imene imasanja zopempha za mazoni onse n'kuzitumiza ku komiti ya CDF ya konsitichuwense. Akatswiri a khonsolo amabwera kudzaona malo ndi kuwerengera mtengo, kenako zimakavomerezedwa kumwamba. Pa WDC ndi pamene pali nkhondo yeniyeni, ndikuuzeni monga munthu wokhalamo. Zoni iliyonse ili ndi mlatho wake woduka ndi sukulu yake yodontha. Mukaimirira n'kuyamba ndi mawu akuti alendo, wina adzakuyankhani kuti ifeyo eni dziko tikuvutika, alendo ndiye ayambe kudya? Ine ndinayankhidwa choncho, ndi bambo amene ndimawalemekeza. Sindinakangane nawo. Ndinatulutsa chiwerengero cha amayi amene anabereka pa kiliniki chaka chimenecho, chimene anamwino anandilembera, ndipo ndinafunsa kuti mwa amenewa ndani sanatume mlamu wake kukatunga madzi usiku. Za mlendo ndinazitchula kumapeto, mzere umodzi.

Zimandidabwitsa pang'ono kuti ife a kum'mawa tingaope alendo. Amayi anga ku Chadiza anasunga banja la ku Mozambique m'khitchini mwawo nthawi ya nkhondo ya Renamo, lisanatengedwe kupita ku Ukwimi ku Petauke, kumene anthu zikwizikwi anakhala mpaka mtendere wa 1992 utabwera n'kuyamba kubwerera kwawo. Ife ana tinkagona nawo pa mphasa imodzi. Anthu a ku Ukwimi atapita, sukulu, zipatala ndi zitsime zinatsalira eni dera. Nkhani imeneyi pa msonkhano imagwira ntchito kuposa lamulo lililonse, chifukwa pafupifupi aliyense wachikulire ali ndi yake yofanana nayo.

Nanga chakudya cha lero, sopo, bulangete, pamene fomu ikuyenda miyezi? Izo musayembekezere khonsolo. Pitani ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu, makamaka ngati pali ana, ndipo mwana amene wafika yekha wopanda kholo musamusunge n'komwe osawadziwitsa. Ngati mayi anachitidwa nkhanza panjira, ku polisi kuli Victim Support Unit. Nkhani ikafika ku khoti, a Legal Aid Board alipo mu Chipata. A Red Cross ndi a Caritas nawonso ndi oyenera kuwagogodera. Zotsalazo ndi zathu: mbale ya ufa khomo lililonse, monga timachitira pa maliro.

Njira ina imene tinapeza mochedwa ndi ya kalabu. Gulu lathu la amayi 15 linalembetsedwa, lili ndi akaunti ku banki, ndipo linalandira ndalama ya CDF ya nkhuku. Ndalama imeneyo inagula nkhuku, chakudya chake ndi mankhwala, malisiti onse tinabweza, sitinapatutse ngakhale ngwee. Koma phindu la mazira ndi lathu, ndipo tinalemba m'malamulo a kalabu kuti pa thireyi khumi zilizonse, imodzi ndi ya thumba la alendo ndi odwala. Thumba limenelo ndi limene lidzalipire njinga yopita ku Immigration ndi thokotaimu ya womasulira tsiku limene wina adzagogodenso.

Sungani buku. Lembani tsiku limene mlendo wafika, tsiku limene mwamuperekeza ku ofesi, dzina la ofesala amene wamulandira, ndi chilichonse chimene mwagula. Dzina la mlendoyo ndi chithunzi chake musaziike pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp popempha thandizo. Amene anamuthamangitsa kwawo nawonso ali ndi mafoni.

Mayi wathu anakhala nafe milungu itatu asanatengedwe. Mjigo unabwera chaka chachiwiri, iye atapita kalekale, ndipo sanamweko madzi ake. Fomu ya chidikiro ili m'chikwama changa pano, pepala la mayina ndalimata kutsogolo ndi sitepula ziwiri.