Momwe mungayendere kachisi wachifumu wa Wat Phra Kaew ku Bangkok

Wat Phra Kaew ndi kachisi wachibuda yemwe ali mkati mwa mpanda wa nyumba yachifumu ya Grand Palace ku Bangkok, m'dziko la Thailand. Mfumu Rama I inayamba kumumanga mu 1782, chaka chomwe inakhazikitsa likulu lake mumzindawu. Amonke sagonamo chifukwa ndi kachisi wa miyambo ya banja lachifumu, n'chifukwa chake alonda a pachipata sanyengerera munthu.

Yambani ndi zovala, poti ambiri amabwezedwa pa nkhani imeneyi. Kabudula, siketi yaifupi, malaya opanda manja, jinzi yong'ambika ndi thalauza lothina salola. Valani zofika m'akakolo ndi malaya obisa mapewa. Kungofunda kansalu pamwamba pa malaya opanda manja nthawi zambiri sikuthandiza. Nsapato zikhale zosavuta kuvula.

Popita, kwerani sitima yamumzinda ya BTS mukatsike pa siteshoni ya Saphan Taksin, kenako boti la Chao Phraya Express mpaka padoko la Tha Chang. Matikiti olowera kukachisi amagulitsa kuyambira 8:30 m'mawa mpaka 3:30 masana, ndipo mlendo amalipira 500 baht (ndalama ya ku Thailand). Lawirirani, chifukwa ikamakwana 10 koloko magulu a alendo amakhala atadzaza, dzuwa likuswa mtengo.

Panjira wina akakuuzani kuti lero kwatsekedwa, musamumvere, ngakhale atavala mooneka bwino. Cholinga chake n'kukukwezani tuk-tuk, kagalimoto ka matayala atatu, kuti akakusiyeni kusitolo ya miyala yamtengo wapatali kapena kwa telala komwe amalandirako kangachepe. Kafunseni pachipata penipeni.

Mukafika pa nyumba yaikulu yopemphereramo, vulani nsapato ndi chipewa. Kujambula mkati n'koletsedwa. Khalani pansi mutapinda miyendo kumbuyo kapena kumbali, mapazi asaloze ku chiboliboli cha Buddha chotchedwa Emerald Buddha, chifukwa kwa anthu a ku Thailand kumeneko ndi chipongwe chachikulu. Musadabwe kuona kuti Emerald Buddha ndi wamng'ono: ndi wa masentimita 66 okha, wosemedwa pa mwala wobiriwira, ndipo anamuika pamwamba kwambiri. Zovala zake zagolide zimasinthidwa katatu pachaka, nyengo yotentha, yamvula ndi yozizira, pa mwambo womwe amatsogolera ndi mfumu kapena woiimira.

Ambiri amathamangira kukajambulitsa pa nsanja yagolide n'kuiwala khonde lozungulira kachisi, pomwe pali zithunzi 178 za nthano ya ku Thailand yotchedwa Ramakien. Ziyendereni kachisi ali kudzanja lanu lamanja kuti nkhani itsatane bwino, komanso kumeneko kuli mthunzi. Nyamulani madzi akumwa ndipo patulani maola awiri kapena atatu. Mphamvu zikatsala, kachisi wa Wat Pho, komwe kuli chiboliboli cha Buddha wogona cha mamita 46, ali pafupi moti n'kuyenda wapansi, koma tikiti yake ndi ina.