Momwe mungayamwitsire tiana tamphaka tosiyidwa ndi make

Mukatola kamwana kamphaka kopanda make, musathamangire mkaka. Yambani mwakagwira makutu ndi timapazi. Ngati n'tozizira, kafunditseni kaye, chifukwa kamphaka kozizidwa sikagaya chakudya ndipo mkakawo ungakaphe. Tiana timeneti sititha kudzitenthetsa tokha mpaka titakwanitsa milungu 3 kapena 4. Katoni, kabulangete kakale ndi botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje zikwanira, koma mbali ina ya katoniyo muisiye yopanda botolo kuti kakamva kutentha kazisuntha.

Mkaka wa ng'ombe, kaya wa m'paketi kaya waufa wothira mu tiyi, umatitsegula m'mimba. Wofunika ndi mkaka wopangira ana amphaka, womwe umapezeka kwa madokotala a ziweto m'tauni, ndipo mtengo wake ngwowawa ndithu. Chenjerani ndi anthu otsatsa pa Facebook ndi pa WhatsApp ufa wa m'timapepala topanda chizindikiro, amati ngwa amphaka. Chinthu chosalembedwa tsiku lothera ntchito ine sindigula. Njira yachidule ndi kufunsa kwa aneba ngati pali mphaka woyamwitsa, nthawi zambiri amalandira ana a mnzake. Sirinji yopanda singano ya ku famase ngyotchipa ndipo imagwira ntchito pomwetsera mkakawo.

Poyamwitsa kagonekeni chafufumimba, mutu wodzutsa pang'ono. Chagada ayi, mkaka umalowa m'mapapo. Dontho limodzilimodzi, kameze kokha, maola 2 kapena 3 aliwonse ngakhale usiku. Mukatha pukutani kumaliseche ndi thonje lonyowa ndi madzi ofunda kuti kakodze ndi kuchita chimbudzi, monga make akanachitira ndi lilime. Kamabadwa kolemera magalamu pafupifupi 100, ndipo pa sikelo kazikwera ndi magalamu 10 mpaka 15 patsiku.

Pomwe panandivuta ine ndi apa. Kamphaka sikayamwa chifukwa cha njala yokha. Kwa make kamakakamira pabere nthawi yaitali ngakhale katakhuta, kakukanda mimba ya make ndi timapazi takutsogolo ngati munthu wokanda ufa wa mandasi. Kukandako kumathandiza mkaka kutsika, komanso kumakakhazika mtima pansi. Sirinji imakhutitsa mwachangu, chilakolako choyamwa n'kutsala. Ndiye usiku tiana tanga tinkafufuzana m'katoni, ndipo kena kanapeza pokodzera pa kanzake kakamuna n'kumayamwa pamenepo. Panatupa, panafiira, kovulalako kankalira pokodza. Zimenezi si zachibwana: pakatupa kwambiri njira ya mkodzo imatha kutsekeka, ndipo koyamwako kamameza mkodzo ndi zonyansa n'kuyamba kudwala. Ubweya wonyowa pamimba kapena pakhutu m'mawa ndiye chizindikiro choyamba. Mukachiona tilekanitseni pogona, gawani katoni pakati kapena pezani ina, kalikonse ndi botolo lake lofunda. Tizikumana masana inu muli pomwepo. Musafulumire pomwetsa, ndipo kakakhuta kasisiteni pamsana ndi mswachi wakale wofewa, kukhakhala kwake kumafanana ndi lilime la make. Kapatseni koyamwako kansalu kofewa kapena chidole chopanda mikanda. Kotupako kakalephera kukodza, pitani nako kwa dokotala tsiku lomwelo.

Amphaka ena amapitiriza kuyamwa bulangete kapena malaya anu mpaka atakula, makamaka olekana ndi make msanga. Musawamenye, mantha amangowonjezera khalidweli. Chotsani juzi ndi zoluka, ulusi ukamezedwa umapota matumbo.

Pa milungu 4 yambani kuika chakudya chofewa chosakaniza ndi mkaka uja m'kambale, ndi mchenga m'beseni pochitira chimbudzi. Musapatse munthu kamphaka kasanakwane milungu 8. Mankhwala a njoka zam'mimba funsani kwa dokotala, katemera wa chiwewe pa miyezi 3. Ku Lilongwe a LSPCA, bungwe loteteza ndi kusamalira ziweto, amathandiza zimenezi.