Momwe mungakonzekere mliri wa kolera madzi asanasefukire

Madzi akasefukira, zimbudzi zimadzaza n'kutayikira m'zitsime, ndipo pakangopita masiku ochepa anthu amayamba kutsegula m'mimba. Tizilombo ta kolera tikalowa m'thupi, matenda amaonekera pakati pa maola 12 ndi masiku 5, ndipo munthu wamkulu wathanzi akhoza kumwalira tsiku lomwelo chifukwa chotha madzi m'thupi. Koma odwala akalandira chithandizo msanga, omwalira safika ngakhale mmodzi pa anthu 100 alionse. Choncho ntchito yaikulu igwiridwe mvula isanayambe, misewu ikadali yodutsika. Malangizowa ndi a komiti ya m'dera, oyang'anira sukulu, kapena aliyense wosamalira malo amene anthu angathawireko.

Choyamba, werengani anthu ndi madzi. Pa nthawi ya ngozi munthu mmodzi amafunika malita osachepera 15 patsiku, akumwa, ophikira ndi osamba. Anthu 200 ndiye kuti malita 3,000 tsiku lililonse. Jambulani papepala zitsime, mijigo ndi mipopi yonse, muike chizindikiro pa zomwe zili m'munsi ndi zomwe zayandikana ndi chimbudzi mosakwana mamita 30. Zimenezo ndi zomwe zidzayambe kuipitsidwa. Mapu otere ndi amene anathandiza dokotala wina wa ku England, John Snow, mu 1854 kusonyeza kuti odwala kolera ambiri ku London ankatunga pa mjigo umodzi wa mumsewu wa Broad Street.

Chachiwiri, gulani zipangizo: klorini waufa wa HTH wamphamvu ya 65 mpaka 70 peresenti, ndowa zapulasitiki zokhala ndi zivindikiro, zigubu zapakamwa pang'ono, sirinji yoyezera mamililita, kachipangizo koyezera klorini m'madzi pamodzi ndi mapilitsi ake a DPD 1, sopo, mapaketi a ORS (ufa wosungunula m'madzi wobwezera madzi ndi mchere m'thupi) ndi mapilitsi a zinki. Mliri ukangolengezedwa mitengo imakwera ndipo katundu amasowa, n'chifukwa chake tikuti gulani pano. Chenjerani ndi ogulitsa amene amathira ufa woyera m'timapepala topanda dzina kapena tsiku lothera mphamvu. Wina amakhala wakalekale, wina wosakanizidwa ndi zinthu zina, ndipo maso sangasiyanitse. Gulani wa m'chidebe chomata cha kufakitale ngakhale ndi wokwererapo mtengo. Musungeni pouma, pamthunzi, kutali ndi mafuta agalimoto, feteleza ndi asidi, chifukwa akakhudzana nazo akhoza kuyaka kapena kutulutsa mpweya wapoizoni.

Tsopano gawo lachitatu, pomwe ambiri amalakwitsa: kuthira klorini m'madzi akumwa. Ufa wa HTH sathira mwachindunji m'chigubu. Mumayamba mwapanga msakanizo wa 1 peresenti: magalamu 15, omwe ndi supuni yaikulu imodzi yosasefukira, mu lita imodzi ya madzi oyera. Thirani ufa m'madzi, osati madzi mu ufa, ndipo chidebe chikhale chapulasitiki chifukwa klorini amadya chitsulo n'kutha mphamvu. Takasani ndi kamtengo, dikirani kuti zoyera zikhale pansi, mugwiritse ntchito madzi a pamwamba okhawo.

Funso loti muthire mamililita angati liribe yankho limodzi, ndipo amene angakupatseni nambala imodzi ya madzi onse akukusokeretsani. Klorini akalowa m'madzi amayamba walimbana ndi matope, zinyalala zowola ndi zina zonse zili momwemo. Wotsala pambuyo pake ndi amene amapha tizilombo ndi kuteteza madzi ali m'chigubu kunyumba. Madzi a chitsime chomwecho amene ankafuna klorini pang'ono kunja kuli ng'amba, mvula ikagwa amameza yense osatsala kanthu. Anthu amamva kafungo pothira, amakhulupirira kuti madzi ali bwino, pomwe patatha theka la ola mulibemo klorini ngakhale pang'ono.

Njira yake ndi kuyesa. Tengani ndowa 4, iliyonse malita 10 a madzi ochokera pamalo omwewo. Ndi sirinji thirani msakanizo uja motere: mililita 1 m'ndowa yoyamba, 1.5 yachiwiri, 2 yachitatu, 2.5 yachinayi. Takasani, vindikirani, dikirani mphindi 30 zathunthu poyang'ana wotchi. Kenako tapani madzi a ndowa iliyonse m'kachipangizo kaja, ponyanimo pilitsi limodzi la DPD 1 osaligwira ndi zala, khutchumulani. Madzi asanduka ofiirira, ndipo muyerekeze mtunduwo ndi timizere ta m'mbali muli pamalo owala. Mukufuna ndowa yomwe ikuonetsa klorini wotsala wokwana mamiligalamu (mg) 0.5 pa lita. Ngati ndi yachitatu, ndiye kuti chigubu cha malita 20 chikufunika mamililita 4. Ngati palibe ndowa yomwe yafika pamenepo, yambiraninso ndi milingo yokulirapo. Mukaona kuti mukungowonjezera koma mtundu sukubwera, kayikirani ufa wanuwo, mwina unatha mphamvu.

Madzi akakhala amatope moti pansi pa ndowa sipakuoneka, musathire klorini kaye. Asiyeni adikhe, tsanulirani a pamwamba m'ndowa ina kudzera pansalu yoyera yopinda kangapo, kenako yesani. Bwerezani kuyesaku mvula yamphamvu ikagwa komanso mukatsegula chidebe chatsopano cha ufa. Kuthira wambiri dala si njira yachidule: madzi akamanunkha kwambiri ana amawakana, ndipo banja limabwerera ku chitsime chija. Ngati kachipangizo kasowa, gwiritsani ntchito mapilitsi oyeretsera madzi motsatira zolembedwa pa paketi, kapena wiritsani madzi abwadamuke kwa mphindi imodzi. Bulichi wonunkhiritsa wochapira zovala asalowe m'madzi akumwa.

Chachinayi, misakanizo yoyeretsera, yochokera pa ufa womwewo. Wosamba m'manja ndi 0.05 peresenti, supuni yaikulu imodzi mu malita 20. Wokolopera pansi, mabedi ndi zimbudzi ndi 0.2 peresenti, masupuni 2 mu malita 10. Wothira pa masanzi ndi zonyansa zotuluka m'mimba mwa wodwala ndi 2 peresenti, masupuni 2 mu lita imodzi, ndipo wopanga avale magulovu. Lembani pa ndowa iliyonse ndi zilembo zazikulu. Misakanizo iwiri yoyambayo pangani yatsopano tsiku lililonse.

Chachisanu, ORS. Paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, otsala muwataye pakatha maola 24. Mapaketi akatha, masupuni a tiyi 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi. Musapyole pa mcherewo, wambiri ndi woopsa kwa mwana. Mwana wosakwana zaka 2 amwe mamililita 50 mpaka 100 akangotsegula m'mimba, wa zaka 2 mpaka 9 amwe 100 mpaka 200, wamkulu amwe mmene angathere, woyamwa apitirize kuyamwa. Zinki ndi wa ana, masiku 10 mpaka 14. Amene maso alowa, akusanza chilichonse kapena wafooka kwambiri, apite kuchipatala nthawi yomweyo, akumwa ORS m'njira.

Zotsalazo n'zodziwika. Pamalo othawirako pakhale chimbudzi chimodzi pa anthu 20 alionse, chokumbidwa pamtunda, ndi sopo pakhomo pake. Sankhani munthu mmodzi wolandira malipoti a odwala ndi wina wolowa m'malo mwake, lembani manambala a zaumoyo papepala osati m'foni mokha, ndipo dziwani njira yachiwiri yopitira kuchipatala ngati mlatho wakokoloka. Katemera wakumwa akabwera, landirani. Anthu osachepera atatu aphunzire kuyesa kwa ndowa zinayi kuja ndi manja awo mvula isanagwe, ndipo mlingo womwe apeza aulembe pakhoma pafupi ndi potungira madzi, pamodzi ndi tsiku lomwe anayesa.