Momwe mungapititsire pempho la chitukuko cha m'mudzi mwanu ku khonsolo ya Ntcheu

Kwathu kuno tinazolowera kupempha chitukuko pa msonkhano wa ndale. Mlendo akabwera, a mfumu amaimirira n'kunena za mjigo, za mlatho, za nyumba ya mphunzitsi, anthu n'kuomba m'manja, galimoto n'kupita. Chaka chimatha, amayi akutungabe madzi pachitsime chomwe ng'ombe zimamwapo. Zimandipweteka chifukwa njira yake ilipo, ndipo lamulo la maboma aang'ono la 1998 linabwera kuti mphamvu zitsikire kwa anthu. Koma njirayo imayenda ndi pepala. Pempho losalembedwa silifika pa Boma.

Tiyerekeze kuti mukufuna mjigo. Njira yake ndi yomweyo ngakhale mukufuna chipinda chophunziriramo kapena kamlatho.

Choyamba, gwirizanani m'mudzi. Pitani kwa a mfumu muwapemphe ayitanitse msonkhano, ndipo amayi ndi achinyamata alankhule, asangokhala kumbuyo. Apa ndi pomwe midzi yambiri imagwera: aliyense amatchula chake, mndandanda n'kufika zinthu khumi ndi ziwiri. Sankhani chimodzi kapena ziwiri zomwe zikukuwawani kwambiri. Mlembi alembe tsiku, chiwerengero cha anthu omwe anabwera ndi zomwe mwagwirizana, a mfumu asayine ndi kudinda ngati ali ndi chidindo.

Kenako sonkhanitsani umboni. Kungonena kuti “tikuvutika ndi madzi” sikukwanira, chifukwa kuyambira ku Tsangano mpaka ku Kasinje aliyense akunena zomwezo. Lembani kuti m'mudzi muli mabanja angati, anthu angati, mjigo wapafupi uli pamtunda wotalika bwanji, ndipo umaphwa mwezi uti. Muyeso womwe a zamadzi amagwiritsa ntchito ndi wakuti mjigo umodzi utumikire anthu pafupifupi 250, ndipo munthu asayende kupitirira mamita 500 kukatunga madzi. Ngati inu mulipo 600 pa mjigo umodzi, nambala imeneyo ikulankhulirani bwino kuposa mawu okoma. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu amakhala ndi kaundula wa mabanja, ndipo amadziwa kuchuluka kwa ana omwe amatsegula m'mimba nthawi ya dzinja. Mupempheni akuthandizeni.

Tsopano pitani nalo pempholo ku VDC, komiti ya chitukuko yomwe imakhala pansi pa a gulupu. Komitiyi imasonkhanitsa zofuna za midzi yonse ya gulupuyo n'kuziika mu ndondomeko ya zochita ya m'mudzi, yomwe a khonsolo amaitcha VAP. Musachoke pa msonkhanowo musanaone ndi maso anu kuti pempho lanu lalowa m'maminitsi, ndipo funsani kuti laikidwa pa nambala chani. Lembani makalata awiri ofanana: imodzi musiye, inayo wapampando asayinepo kuti walandira, mubwerere nayo kwanu. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulaninso.

Kuchokera ku VDC nkhani imakwera ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse la mfumu yaikulu, kaya ndi kwa Njolomole, kwa Ganya, kwa Kwataine, kwa Mpando, kwa Champiti, kwa Makwangwala kapena kwa Phambala. Pano ndi pomwe pali mpikisano weniweni, chifukwa ma VDC onse amabwera ndi zawo ndipo ndalama sizikwanira onse. ADC imalangizidwa ndi komiti ya alangizi a boma ogwira ntchito m'deralo, ya AEC: a zaumoyo, a zaulimi, a zachitukuko cha m'midzi, a zamaphunziro. Anthu amenewa ambiri timawadutsa, komatu ndi omwe amafunsidwa ngati vuto lanu ndi lenileni. Aitaneni adzaone chitsime chanucho nkhani isanakambidwe. Munthu amene waona yekha madzi amatope salankhula mofanana ndi amene wangowerenga kalata.

Khansala wanu musamuiwale. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo mwina n'chifukwa chake ena mpaka lero amathamangira kwa phungu pa chilichonse. Phungu muuzeni ndithu, koma khansala wa wodi yanu ndi amene munamusankha kuti akakuyankhulireni mu khonsolo. Mupatseni kalata yake, ndipo mumufunse mwaulemu koma mosabisa: “A khansala, nkhaniyi mukaitula liti, ndipo ku komiti iti?” Lembani yankho lake.

Pa Boma, zochokera m'ma ADC zimafika ku ofesi ya mkulu woona za mapulani ndi chitukuko, yemwe ambiri amangoti a DPD. Akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe amaziunika mu komiti ya DEC, motsogozedwa ndi Bwanamkubwa, kenako khonsolo yonse imavomereza. Zomwe zavomerezedwa zimalowa mu pulani ya chitukuko ya boma lonse, DDP, ndipo ngakhale mabungwe omwe si aboma amayenera kuyang'ana m'menemo akamasankha kogwira ntchito. Mudzi womwe mulibe m'bukuli umadumphidwa mosavuta.

Nthawi nayo ndi yofunika. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, kotero bajeti imakonzedwa miyezi ingapo Epulo asanafike. Mukapereka pempho mu Meyi, bajeti ya chaka chimenecho yakudutsani kale, mudikira ya chaka chotsatira. Ine ndimalangiza kuti msonkhano wa m'mudzi uchitike mukangokolola, nthawi yomwe anthu ali ndi mpata, kuti pofika Okutobala nkhani ikhale itadutsa kale ku ADC. Mvula ikayamba aliyense ali kumunda, ndipo misewu ina ya kumapiri siyendeka.

Ndiye muzitsatira. Sankhani anthu awiri, mayi ndi bambo, oti mwezi uliwonse azifunsa kwa wapampando wa VDC ndi kwa khansala. Pakapita miyezi itatu kuli zii, sonkhani ya thiransipoti apite pa Boma atanyamula kalata yosayinidwa ija. Akafunse zinthu zitatu: kodi pempho lathu linafika, lili mu pulani, ndipo lidzalipiridwa kuchokera ku thumba liti, la chitukuko cha boma lonse (DDF), la chitukuko cha dera la phungu (CDF) kapena la bungwe? Musaope kufunsa. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo bajeti ya khonsolo si chinsinsi.

Ntchito ikavomerezedwa, sankhani komiti yoyang'anira poyera, osati kunyumba kwa munthu usiku. Komitiyo idziwe dzina la kontirakitala, ndalama zomwe zaperekedwa ndi tsiku lomaliza ntchito. Ngati ndi nyumba, muziwerenga matumba a simenti akamatsitsidwa komanso akamagwiritsidwa ntchito. Ngati ndi mjigo, malo okumba asankhidwe ndi akatswiri atayeza, akhale kutali ndi zimbudzi, makola ndi manda, ngakhale wina wamkulu atafuna kuti ukhale pakhomo pake. Musasayine kuti ntchito yatha madzi asanatuluke okwanira komanso oyera, ndipo simenti ya pansi isanaume bwino popanda ming'alu.

Tsiku lomwelo lolandira mjigo, komiti ya pamjigo iyambe kusonkhetsa kandalama ka mwezi ndi mwezi pa banja lililonse, n'kumalemba m'kope lomwe aliyense angathe kuliona. Timphira ta m'kati mwa mjigo timatha msanga, ndipo khonsolo sibwera kudzasintha zimenezo. Tengani nambala ya mekaniki wa mijigo wa m'dera lanu, muilembe pachikuto cha kope lomwelo.