Mukaweruka naiti, tulo musagulitse

Anamwino ndi osamalira okalamba ambiri kuno ku Johannesburg amagwira maola 12, kuyambira 7 madzulo mpaka 7 m'mawa. Choopsa chimadza pamene mwangopereka lipoti kwa anzanu a masana, foni n'kulira: a ejensi, kampani yopezera anamwino maganyu, akufuna munthu kwina lero lomwe. Mukaganiza za fizi ya mwana ku Mzimba ndi renti ya ku Yeoville, pakamwa pamangotuluka kuti "ndikubwera".

Munthu amene wakhala maso maola 17 mutu umayenda mochedwa ngati wa munthu amene mowa wafika 0.05 m'magazi, mlingo umene apolisi a kuno amamangira dalaivala. Ameneyo ndiye aziwerenga madontho a diripi kapena kuyeza insulin?

Lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997 limati mukaweruka papite maola 12 musanayambenso, pa sabata mupume maola 36 otsatizana, ndipo ovataimu isapitirire maola 10 pa sabata. Olandira malipiro apamwamba, monga madokotala ambiri, gawo la maolali siliwakhudza, koma tchuthi cha masiku 21 otsatizana pachaka n'cha aliyense. Bwana wa ejensi sadziwa kuti mwachezera kwina. Wowerengera maola anu ndinu nokha. Ndipo ngati muli m'boma, kaya ku chipatala cha Chris Hani Baragwanath kaya cha Charlotte Maxeke, ganyu wapadera amafuna chilolezo cholemba, chija amati RWOPS.

Tsono tulo ta masana timafuna kukonzera. Khofi womaliza amwedwe isanakwane 3 koloko usiku, chifukwa pakatha maola asanu theka la mphamvu yake limakhala likadali m'thupi. M'tekisi valani magalasi akuda. Kuwala kwa m'mawa kumauza thupi kuti kwacha, tulo n'kubalalika. Mukafika idyani pang'ono, phala kapena buledi, nsima ya ndiwo zamafuta idikire madzulo. Pawindo kolekani bulangete lochindikala, foni muitseke pakamwa. Amene muli ndi galimoto, zikope zikamalemera gonani kaye mphindi 20 musanalowe mu msewu waukulu wa M1.

Nkhani yovuta ndi ya kumudzi, tisanamizane. Auzeni abale ndalama imene mungakwanitse pamwezi ndi tsiku lotumiza pa Mukuru, ndipo musamasinthesinthe. Auzeninso kuti kuyambira 9 m'mawa mpaka 3 masana muli m'tulo: za maliro aimbe kwa mnzanu wa m'nyumba, zina zonse zidikire.