Mmene Mungawerengere Moyo wa Anthu Akale Kuchokera M'mafupa Awo

Fupa limene lazulidwa m'dothi mothamanga n'kuponyedwa m'thumba limakhala litataya zambiri mwa zimene likanatiuza, chifukwa nkhani yake imagona pa malo amene linali, dothi limene linalikwirira ndiponso zinthu zimene zinali pambali pake. Choncho ntchitoyi imayamba musanakhudze fupa lililonse.

Choyamba ndi chilolezo. Mayiko ambiri ali ndi malamulo oteteza manda ndi malo a zinthu zakale, ndipo ngati pali chikayikiro choti mafupawo ndi a munthu amene anamwalira posachedwapa, nkhaniyo ndi ya apolisi. Muyeneranso kukambirana ndi anthu amene amati omwe agona pamalopo ndi makolo awo. Kale ofufuza ankangonyamula mafupa n'kupita nawo kwawo, ndipo mabala a khalidwe limeneli sanapolebe: dziko la America linakhazikitsa lamulo lotchedwa NAGPRA mu 1990 lolamula nyumba zosungira zinthu zakale kubweza mafupa kwa eni nthaka, ndipo mu 2011 dziko la Germany linabweza ku Namibia zigaza 20 za anthu a mitundu ya Herero ndi Nama.

Mukaloledwa, chotsani dothi pang'onopang'ono ndi chipande mpaka muone malire a dzenje la manda, omwe kawirikawiri amadziwika chifukwa dothi lokwiririra limasiyana mtundu ndi dothi losakumbidwa. Fupa likangoonekera, ikani pansi zitsulo zonse ndipo mugwiritse ntchito timitengo tosongola ndi burashi yofewa, popeza chitsulo chimasiya mikwingwirima imene wina angadzaiyese mabala a mpeni. Musanyamule fupa ngakhale limodzi mpaka mafupa onse ataonekera. Kenako jambulani zithunzi muli mutaika ndodo yoyezera ndi kamuvi koloza kumpoto, mulembe chithunzi china pamanja, ndipo mulembe mmene munthuyo anagonekedwera: chagada, chammbali kapena atapinda miyendo, kumene mutu unaloza, ndi pamene panali mikanda, mapale kapena zida. Dothi lonse la m'mandamo lisefedwe, chifukwa mano, timafupa ta zala ndi mafupa a makanda zimatayika mosavuta. Tapaninso dothi la pamimba n'kulisunga padera. M'dothi lotere la m'manda a Richard III, mfumu ya ku England imene inafa pankhondo mu 1485 ndipo mafupa ake anapezeka mu 2012 pansi pa malo oimika magalimoto mumzinda wa Leicester, munapezeka mazira a njoka za m'mimba.

Mafupa achinyezi asaumitsidwe padzuwa, chifukwa amang'aluka. Aumire pamthunzi ndipo aikidwe m'matumba a pepala olembedwa bwino, dzanja lamanja palokha, lamanzere palokha. Valani magolovesi, ndipo mafupa amene mukufuna kudzayeza DNA (chibadwa chimene munthu amatengera kwa makolo ake) musawatsuke kapena kuwamata ndi guluu.

Ku labotale, yalani mafupawo patebulo monga mmene amakhalira m'thupi. Munthu wamkulu amakhala ndi mafupa 206, koma n'zosowa kuwapeza onse. Tsimikizani kuti onse ndi a munthu, osati a nyama, kenako muwerenge kuti ndi anthu angati. Ngati mafupa asakanikirana, werengani fupa limene labwerezedwa kwambiri: mafupa atatu a ntchafu yakumanzere akutanthauza kuti panali anthu osachepera atatu.

Yambani ndi msinkhu. Kwa ana, mano ndiwo mboni yodalirika, chifukwa amamera motsatira nthawi ngakhale mwanayo akudwala kapena kusowa chakudya. Mano aubwana amakhala 20, aukulu 32, ndipo dzino loyamba lotafunira la ukulu limatuluka pa zaka pafupifupi 6, lachiwiri pa zaka pafupifupi 12. Nsonga za mafupa aatali zimayamba zili pazokha n'kudzalumikizika munthu akamakula, ndipo imodzi mwa nsonga zomalizira ndi ya fupa lolumikiza phewa ndi chifuwa, imene imatseka munthu atapitirira zaka 20. Kuchoka pamenepo zinthu zimavuta, chifukwa chimene mukuyeza tsopano ndi kutha kwa thupi, ndipo anthu satha mofanana. Mumayang'ana pamene mafupa awiri a chiuno amakumana kutsogolo, nsonga za nthiti ndi kuperepeseka kwa mano, koma kumbukirani kuti anthu odya ufa woperedwa pamphero, wokhala ndi timichenga, mano awo amatha msanga. Wofufuza woona mtima amalemba kuti munthuyo anali wa zaka zapakati pa 35 ndi 50. Amene walemba kuti anali ndi zaka 42 akungoyerekeza.

Kuti mudziwe ngati anali mwamuna kapena mkazi, yang'anani chiuno musanayang'ane chigaza. Chiuno cha mkazi chimakhala chotambasuka chifukwa cha kubereka, ndipo mpata wa kumbuyo kwa fupalo umakhala wotseguka kwambiri. Chigaza cha mwamuna nthawi zambiri chimakhala ndi mzere wotukuka pamwamba pa maso ndiponso fupa lalikulu kuseri kwa khutu, koma zizindikirozi zimasiyana malinga ndi mitundu ya anthu. Kwa ana osatha msinkhu, mafupa sangakuuzeni zimenezi modalirika. Ndipo musalole kuti katundu wa m'manda akuyankhireni. Manda ena a ku Birka, m'dziko la Sweden, amene anafukulidwa mu 1878 munali lupanga, nkhwangwa, mivi ndi akavalo awiri, moti kwa zaka zoposa 100 aliyense ankati ndi a msilikali wamwamuna, mpaka mu 2017 pamene DNA inaonetsa kuti anali mkazi.

Pa matenda ndi pofunika kudekha kuposa pena paliponse. Fupa lothyoka munthu ali moyo limakhala ndi chotupa chosalala pamene linalumikizikanso. Lothyoka nthawi ya imfa limakhala ndi m'mphepete makuthwa, a mtundu wofanana ndi fupa lonse, pamene lothyokera m'dothi kapena pofukula limanyenyeka ndipo mkati mwake mumaoneka moyererapo. Chifuwa chachikulu chimatha kudya mafupa a msana mpaka msanawo kupindika, khate limawononga mphuno, zala ndi mapazi, ndipo mizere yopingasa pamano imasonyeza nthawi imene kukula kwa mwana kunaima chifukwa cha matenda kapena njala.

Koma apa pali msampha umene akatswiri anaufotokoza bwino mu 1992. Fupa limasintha pang'onopang'ono, ndiye kuti chilema chioneke pafupa, munthuyo anayenera kukhala ndi nthendayo kwa miyezi kapena zaka, akulimbana nayo. Amene anagwidwa ndi nthenda n'kufa m'masiku ochepa amasiya mafupa osalala ngati a munthu amene sanadwalepo. Motero mafupa odzaza zipsera akhoza kukhala a munthu wolimba amene anapirira, ndipo ooneka bwinowo a munthu wofooka amene anagonja msanga. Mliri umene unasakaza London cha m'ma 1348 mpaka 1350 sunasiye chizindikiro pamafupa a m'manda a East Smithfield; kachilombo kake, Yersinia pestis, kanadziwika kudzera mu DNA ya m'mano.

Zoyeza za mu labotale zibwere pambuyo, chifukwa zimawononga kachidutswa kamene mwatenga. Jambulani ndi kuyeza fupalo musanalidule, ndipo musadule popanda funso lenileni. Zaka zimene zapita chimwalirire munthuyo zimayezedwa ndi mtundu wa kaboni wotchedwa kaboni-14, njira imene Willard Libby anatulukira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940: theka la kaboniyu limatha pa zaka pafupifupi 5,730 zilizonse, ndipo njirayi imagwira mpaka zaka pafupifupi 50,000. Chenjerani ndi anthu odya kwambiri nsomba za m'nyanja yamchere, chifukwa mafupa awo amaoneka akale kuposa mmene alili. Mitundu ya kaboni ya m'fupa imasiyanitsa odya chimanga, mapira ndi mawere ndi odya tirigu kapena mpunga, pamene naitirojeni imasonyeza kuchuluka kwa nyama ndi nsomba, ngakhalenso nthawi imene mwana analeka kuyamwa. Chikuto choyera cha dzino sichisintha chikangopangika, choncho strontium (mchere wochokera m'miyala) ndi okosijeni wa mmenemo amasunga chizindikiro cha miyala ndi madzi a kumene munthu anakulira. Ndi mmene zinadziwikira kuti mwamuna wofukulidwa mu 2002 ku Amesbury, pafupi ndi miyala yakale ya Stonehenge ku England, anakulira kutali cha kumapiri a Alps, m'katikati mwa Ulaya. DNA yakale imasungika bwino m'mano ndi m'fupa lolimba la mkati mwa khutu, koma m'madera otentha imawonongeka msanga.

Zonsezi zikachitika pa munthu aliyense, ndiye mumayamba kufunsa za gulu lonse, ndipo kumbukirani kuti manda si mudzi. M'mandamo muli okhawo amene anaikidwa pamalopo, amene mafupa awo sanawole, ndiponso amene inu mwawafukula. Makanda kawirikawiri amachepa, mwina chifukwa ankaikidwa kwina kapena dothi linadya timafupa tawo. Powerengera, gawani ndi zimene mwaonadi: mano obooka awerengedwe poyerekeza ndi mano onse amene alipo, osati ndi chiwerengero cha anthu. Phindu lalikulu limabwera poyerekeza magulu, monga zinachitikira ku manda akale a Dickson Mounds, ku Illinois m'dziko la America, kumene mafupa a nthawi zosiyana anaonetsa kuti anthu atayamba kudalira kwambiri ulimi wa chimanga, zizindikiro za kuchepa kwa magazi ndi mizere ya pamano zinachuluka.

Mu lipoti lanu, tchulani njira iliyonse imene mwagwiritsa ntchito, ndipo musiyanitse zimene mwaona ndi zimene mukuganiza, kuti wina adzathe kukutsutsani ngakhale mafupawo atakwiriridwanso. Kumene mafupa adzapite ntchito ikatha kukhale kogwirizana kale ndi eni ake. Ku New York, manda a anthu a ku Africa a m'nthawi ya ukapolo anatulukira mu 1991 pomanga nyumba ya boma, ndipo mbadwa za anthuwo zitadandaula, kafukufuku anakachitikira ku Howard University. Mu 2003 anthu 419 amene anafukulidwawo anaikidwanso m'manda pamalo omwewo.